Kwa akuluakulu a mayunivesite: tionetseni masamu amene mumasanjira madigiri

Kwa aphungu a maseneti a mayunivesite athu, alembi aakulu a sukuluzi, ndi inu a National Council for Higher Education (NCHE),

Mabwana ndi madona,

Pamwambo wopereka madigiri makolo amalulutira mwana aliyense mofanana, poti kwa iwo mwinjiro ndi mwinjiro basi. Koma amene wavala mwinjirowo amadziwa kuti papepala lake pali liwu limodzi limene limutsatire kulikonse kumene akapemphe ntchito kapena sukulu: Distinction, Credit kapena Pass, ndipo kwa a digiri ya Honours, First Class, Upper Second, Lower Second kapena Third. Funso langa kwa inu ndi limodzi. Liwu limeneli mumalipeza bwanji? Sindikufunsa yankho loti "zimatengera mmene mwana wakhozera", limenelo ngakhale wakabaza angandiyankhe. Ndikufunsa masamu ake enieni, kuyambira pa malikisi a semesita yoyamba kufikira pa liwu limene mumadinda pa satifiketi.

Ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina kuno ku Lilongwe. Ana amene adadutsa m'manja mwanga akafika chaka chachitatu kapena chachinayi ku yunivesite amabwera ndi magiredi awo pafoni, amvekere, "Sala, tandiwerengereni, kodi Credit ndingayipezebe?" Kuphatikiza ndi kugawa si vuto, timaphunzitsa ana a Fomu 1. Chimene chimasowa ndi lamulo. Ndikawafunsa kuti kusukulu kwanu amawerengera zaka ziti, aliyense amanena zake, ngakhale ana a sukulu imodzi ndi kosi imodzi. Wina akuti chaka choyamba sichiwerengedwa. Wina akuti chimawerengedwa koma pang'ono. Wina adamva kwa ma finale (a chaka chomaliza) kuti ukangolemba sapu (mayeso obwereza ukalephera kosi) kamodzi, za Distinction uiwale. Nkhani yaikulu chonchi ikuyenda ngati mphekesera za m'minibasi, kuchoka kwa ma conti (akale pasukulupo) kupita kwa ma yearo (a chaka choyamba), aliyense akuthirako mchere wake.

Taonani mmene zilili ku MSCE. Mwana wa Fomu 3 aliyense amadziwa kuti MANEB imapereka mapointi kuyambira 1 mpaka 9, kuti 1 ndi 2 ndi Distinction, 3 mpaka 6 ndi Credit, 7 ndi 8 ndi Pass, ndipo 9 ndi kulephera. Amadziwa kuti amaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, kuti Chingerezi sichithawika, ndipo kuti mapointi 6 ndiye pamwamba penipeni. Ngakhale agogo amene sadapite patali ndi sukulu akamva kuti mdzukulu wapeza 14 amadziwa kuti kuli bwino. Zotsatira zikatuluka mwana amatha kutenga cholembera n'kudziwerengera yekha. Nanga bwanji mwana yemweyo akafika pa sukulu ya ukachenjede, kumene timati kuli anamandwa a kuwerengera, masamu a tsogolo lake amasanduka chinsinsi?

Mwina ena mwa inu munena kuti palibe chovuta, ndi avereji chabe. Avereji ilipo ya mitundumitundu, ndipo mtundu umene mwasankha ndi umene umagamula kuti wapamwamba ndani. Ndiloleni ndiyike manambala ongoyerekeza, ngati mmene ndimachitira pa bolodi.

Tiyerekeze mtsikana wochokera ku CDSS ya kumudzi amene adayamba movutikira n'kumakwera: chaka choyamba 52, chachiwiri 60, chachitatu 68, chachinayi 76. Tiyerekezenso mnyamata amene adayamba ndi moto n'kumazirala: 74, 70, 62, 58. Mukaphatikiza zaka zonse zinayi n'kugawa ndi 4, mtsikana apeza 64, mnyamata 66. Ngati mzere wa Credit titauyika pa 65, mnyamata wadutsa, mtsikana watsala. Tsopano zipatseni zakazo kulemera kosiyana, chaka choyamba 10 peresenti, chachiwiri 20, chachitatu 30, chachinayi 40. Mtsikana akwera kufika pa 68, mnyamata atsika kufika pa 63.2. Credit ija yasamuka, yapita kwa mtsikana. Mukati tiwerengere zaka ziwiri zomaliza zokha, mtsikana ali pa 72, mnyamata pa 60, kusiyana ndi malikisi 12 athunthu. Anawa sadalembenso mayeso ena. Malikisi ndi omwewo, aphunzitsi ndi omwewo. Chasintha ndi chiganizo chimodzi chimene inu mudagwirizana m'chipinda cha seneti, mwina anawa asanabadwe n'komwe.

Mlimi akapita ndi soya kwa venda, chimene amayamba kuyang'ana si mtengo koma sikelo, ndipo n'chifukwa chake Malawi Bureau of Standards imayendera masikelo. Mwana wa ku yunivesite amasenza katundu wake zaka zinayi, wa uinjiniya ndi udokotala zisanu kapena kuposa, koma sikelo yake amaiona tsiku limene katunduyo wagulidwa kale.

Ndipo nkhani sithera pa zaka. M'kati mwa chaka chimodzi momwemo muli zigamulo zina zing'onozing'ono zimene zimasuntha munthu. Makosi salemera mofanana: ina ili ndi ma credit hour 4, ina 2. Mwana akapeza 80 pa kosi ya 2 ndi 50 pa kosi ya 4, iye amadziwerengera 65 n'kumagona tulo tabwino, pamene kuwerengera kotsata kulemera kwa makosi kukupereka 60. Ndakumana ndi ana a chaka chachitatu amene sadziwa zimenezi, amene amathera mphamvu pa kosi yopepuka chifukwa amaikonda, n'kumanyozera imene yanyamula theka la semesita. Malikisi a kosi iliyonse nawonso ndi msakanizo wa ntchito za m'kati mwa semesita ndi mayeso omaliza. Gawo limeneli lokha ndiye aphunzitsi ambiri amalinena tsiku loyamba, ndipo ndikuwathokoza. Kuchokera pamenepo kupita m'mwamba ndiye mdima.

Kumene mukugwiritsa ntchito GPA kuli kamsampha kena. Malikisi amayamba asandutsidwa mapointi, kenako mapointiwo ndiye amapangidwa avereji. Tiyerekeze sikelo imene 70 kupita m'mwamba ndi mapointi 4, ndipo 60 mpaka 69 ndi mapointi 3. Amene wapeza 69, 69, 69 ali ndi GPA ya 3.0. Mnzake wa 70, 70, 60 ali ndi 3.67, chikhalirecho pa malikisi enieni ali pansi, pa 66.7. Sindikuti GPA ndi yoipa. Ndikuti mwana ayenera kudziwa kuti pa njira imeneyi likisi limodzi la pamzere limalemera kuposa malikisi asanu ndi anayi a pakati. Chimodzimodzinso kuzunguliza manambala. Amene ali pa 64.45, mukazunguliza kamodzi ndi 64. Mukayamba mwapanga 64.5 kenako n'kuzungulizanso, ndi 65. Kodi mumazunguliza pa kosi iliyonse, pa semesita, pa chaka, kapena pamapeto pokha? Zikuoneka ngati zachibwana, koma pali munthu amene digiri yake idagamulidwa ndi kadontho kameneka, ndipo sadzadziwa.

Za sapu ndiye ndi pamene pali mantha ambiri ndi bodza lambiri. Mwana akalephera kosi n'kulembanso, chimalowa m'masamu n'chiyani: malikisi oyamba aja, atsopanowa, kapena malikisi ongokwanira kudutsa ngakhale atakhoza bwanji? Wobwereza chaka, chaka chakugwacho chimafufutidwa kapena chimakhalabe m'kaundula n'kumakoka avereji? Amene sadalembe mayeso chifukwa adagonekedwa m'chipatala kapena adali pamaliro a mayi ake, mumamusiyanitsa bwanji ndi amene adangolephera? Nanga olowa ndi dipuloma, amene amayambira chaka chachiwiri kapena chachitatu, zaka zimene sadakhale nanuzo mumaziwerengera motani? Mayankho alipo, ndikudziwa, poti chaka chilichonse mumatulutsa mayina. Ana amadziwa bwino malamulo a kuwidedwa (kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera) chifukwa amenewo mumawanena mokweza, mochita kuopseza. Malamulo a kukwera ndiwo amanenedwa monong'ona.

Pa nkhani ya chaka choyamba ndili ndi mbali, ndipo sindibisa. Chaka chimenechi chizilemera pang'ono kwambiri, kapena chisawerengedwe n'komwe, bola mwana akhoze kuti apitirire. Ana amene NCHE imawasankhira ku mayunivesite a boma safika ali ofanana. Wina wachokera kusukulu imene ili ndi labotale, laibulale ndi makompyuta. Wina sayansi yonse adaiphunzira pa bolodi, botolo la asidi adangoliona pa chithunzi, ndipo asainimenti yoyamba yotayipa ndi tsiku lake loyamba kugwira kompyuta. Semesita yoyamba mwana wotereyu akulimbana ndi Chingerezi cha alekichala, akusaka nyumba ya lendi kunja kwa mpanda wa sukulu, akudikira ngongole ya ku Loans Board, nthawi zina akudya kamodzi patsiku. Malikisi a chaka chimenecho amayeza kwambiri kumene mwana wachokera kusiyana ndi chimene yunivesite yamuphunzitsa. Kumulanga nawo patapita zaka zinayi, iye atawapitirira kale anzake aja, ndi kumulipiritsa umphawi wa sukulu imene sadasankhe.

Si maganizo achilendo. Mayunivesite ambiri a ku England, kumene digiri imatenga zaka zitatu, sawerengera chaka choyamba posanja digiri, ndipo chaka chomaliza amachipatsa kulemera kwakukulu. Ku Scotland, kumene Honours ndi zaka zinayi, kawirikawiri amayang'ana zaka ziwiri zomaliza. Ku America ndiye amaphatikiza zonse kuyambira semesita yoyamba mu GPA ya pa 4.0. Njira zonsezi zili ndi eni ake ozikonda. Ndikuvomerezanso kuti kuunjika kulemera konse pa chaka chomaliza kuli ndi zoopsa zake: malungo a sabata imodzi, kapena kusamvana ndi woyang'anira kafukufuku wako, zikhoza kugwetsa ntchito ya zaka zinayi. N'chifukwa chake ine ndingakonde makwerero, chaka chilichonse chizilemera kuposa cham'mbuyo, popanda chimodzi chomeza zinzake. Koma mukasankha njira ina sindikwiya. Chimene sindingavomere n'chakuti musankhe mwakachetechete.

Pajatu liwu lija limatsegula ndi kutseka makomo enieni. Inu nomwe mukamalengeza ntchito za aphunzitsi oyamba kumene m'madipatimenti mwanu mumalemba kuti mukufuna digiri ya Credit kapena Distinction. Maphunziro aulere a Commonwealth a digiri yachiwiri amafuna Upper Second, ndipo mayunivesite ambiri a ku UK amayang'ana mlingo womwewo. Kumeneko 70 ndi First Class, 60 mpaka 69 ndi Upper Second, 50 mpaka 59 ndi Lower Second. Ku South Africa Distinction imayambira pa 75. Ku America malikisi a m'ma 70 kawirikawiri ndi C, giredi yapakatikati. Ndiye taganizirani mwana wathu amene 72 wake adamupeza ndi thukuta, kwa lekichala amene sapereka 80 ngakhale utalemba ngati buku. Pepala lake lafika pa desiki ya munthu wa ku Texas kapena ku Leeds amene sadamvepo za Bunda kapena Chirunga. Ngati kuseri kwa transcript (pepala la magiredi ake onse) kulibe kufotokoza komveka kwa sikelo yanu ndi mmene mudafikira pa liwu lija, munthuyo angoganizira, ndipo akamaganizira sakomera mwana wa ku Malawi.

Ngakhale kuno kwathu vutoli lakula. Kale digiri ya boma inali ya University of Malawi basi, ndipo olemba ntchito ankadziwa tanthauzo la Credit ya ku Chancellor College, ku Polytechnic kapena ku Bunda poti onse anali pansi pa seneti imodzi. Mzuzu University idatsegulidwa mu 1999. Bunda idachoka n'kukhala LUANAR mu 2012, MUST ya ku Thyolo idayamba mu 2014, ndipo mu 2021 University of Malawi idagawidwa, kubala MUBAS ndi KUHeS. Lero a boma okha alipo asanu ndi limodzi, aliyense ndi seneti yake. Onjezani a mipingo ndi a anthu wamba, amene muno mu Lilongwe mokha zikwangwani zawo zili mbwee m'misewu. Bwana wa ku Capital Hill kapena wa banki ku City Centre akalandira makalata mazana, amayamba n'kupatula a Credit ndi Distinction, enawo pambali. Iye akuganiza kuti Credit ndi Credit. Sadziwa kuti mtsikana wanga wa 52, 60, 68, 76 uja akhoza kukhala wa Pass kusukulu ina ndi wa Credit kusukulu ina.

Ndikudziwa chimene muyankhe: zonse zili m'buku la malamulo a ophunzira, ndipo safunsa adadya phula. N'zoona, mabukuwo alipo, ndipo ana athu nawonso ulesi wowerenga ali nawo. Koma ndidaonapo tsamba lotere limene mwana wina adandibweretsera kuchokera kusukulu ina. Linali Chingerezi cha maloya, ndime yolozera ku ndime ina, imene nayonso ikulozera ku "zimene seneti ingaone kuti n'zoyenera". Panalibe chitsanzo ngakhale chimodzi cha manambala. Ine amene ndimadya masamu ndidapeza mayankho awiri osiyana malinga ndi mmene ndamvera chiganizo chimodzi. Mwanayo atapita ku ofesi kukafunsa adauzidwa kuti kompyuta ndiyo imawerengera. Kompyuta siganiza, mabwana. Pali munthu amene adaiuza chochita, ndipo chimene adaiuzacho chikhoza kulembedwa pa tsamba limodzi.

Ena amati ana akadziwa masamuwa ayamba kuchenjera, azinyozera chaka choyamba. Achenjere kumene! Munthu amene akudziwa kuti chaka chachitatu n'cholemera ndipo akulimbikira pamenepo sakuba kanthu, akuchita zimene lamulo lanu likufuna. Panopa ochenjerawo alipo kale: ndi ana a alekichala, ndi amene akulu awo adadutsa pomwepo, amene amauzidwa kunyumba. Wosadziwa ndi yemwe uja woyamba m'banja mwake kuponda pa yunivesite.

Pali chinanso chimene sindingachilambalale. Pamene munthu sangathe kudziwerengera yekha, amene wagwira cholembera amasanduka kamulungu. Giredi ikasowa pa kompyuta, mwana amayenda ofesi ndi ofesi ngati wopempha, osadziwa ngati avereji yake yawerengedwa ndi ziro kapena kosiyo yangosiyidwa. Nkhani za alekichala ena amene amaopseza atsikana ndi magiredi timazimva, ndipo mphamvu ya munthu wotere imachokera pa mantha a mwana amene sadziwa kuti kosi imodziyo ingamuwononge kufika pati, kapena kuti angakadandaule kwa yani pepala lake n'kuchongedwanso ndi wina. Alekichala ambiri ndi anthu olungama, ndipo masamu oonekera amawateteza iwonso ku miseche. Malamulo a dziko ali kale kumbali imeneyi. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu ufulu wolandira zifukwa zolembedwa pamene chigamulo cha ofesi chakhudza ufulu kapena zofuna zake, ndipo lamulo la Access to Information lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Kusanja digiri ya munthu ndi chigamulo, ndipo chachikulu.

Zimene ndikupempha sizifuna ndalama za ku Treasury. Mwana aliyense wa chaka choyamba alandire tsamba limodzi sabata yoyamba, lolembedwa m'chilankhulo cha anthu, lonena kulemera kwa chaka chilichonse, mizere ya Distinction, Credit ndi Pass, zimene zimachitika ndi sapu, ndi chitsanzo cha mwana wongopeka chowerengeredwa mpaka pamapeto. Tsamba lomwelo likhale pa intaneti poti kholo ndi wolemba ntchito alione, ndipo chidule chake chidindidwe kuseri kwa transcript. Pamene ana amaonera magiredi awo pazionekanso avereji imene afika nayo pofika semesita imeneyo, yowerengeredwa ndi lamulo lenilenilo, kuti wa chaka chachitatu adziwe ngati Credit ili pafupi kapena yapita. Ndipo lamulo limene mwana walowa nalo likhale lomwelo lotuluka nalo. Mukafuna kusintha, sinthirani amene akubwera, kapena muwerengere njira zonse ziwiri n'kumupatsa imene yamukomera.

Kwa amene ali pamzere, amene asowa theka la likisi, lembani poyera chimene mumayang'ana kuti mumukweze kapena mumusiye. Ngati ndi kuchuluka kwa makosi a chaka chomaliza amene adakhoza pamwamba, nenani nambala yake. Zisamatengere kuti m'chipindamo muli lekichala amene akumudziwa mwanayo n'kumulankhulira, chifukwa wofatsa wokhala kumbuyo kwa kalasi alibe womulankhulira.

Inu a NCHE, lamulo la 2011 limene lidakukhazikitsani lidakupatsani ntchito yoyang'anira mlingo wa maphunziro apamwamba ndi kuvomereza sukulu ndi makosi ake. Sindikupempha kuti mulande maseneti ufulu wawo, kapena kuti udokotala ndi zaulimi ziziwerengedwa mofanana. Ku UK komwe, madandaulo atachuluka akuti ma First Class akungogawidwa, mabungwe a mayunivesite adagwirizana mu 2020 mfundo zoti aliyense azitsata popanga masamu amenewa, yunivesite iliyonse n'kukhalabe ndi njira yake koma yolembedwa poyera. Inunso mukhoza kunena kuti sukulu imene ikufuna chivomerezo chanu ibweretse tsamba limodzi lija, ndipo masamba onsewo muwayike pamalo amodzi kuti mwana womaliza Fomu 4 amene akudzaza fomu yosankha makosi awaone asanasankhe. Mufunsenso sukulu iliyonse kuti chaka chilichonse izinena kuti mwa omaliza maphunziro ake ndi angati apeza Distinction, angati Credit, angati Pass, fakaliti ndi fakaliti. Manambala amenewo ali kale m'mabuku a mwambo wa madigiri, kungofunika wowaphatikiza.

Ma yearo ena akubwera posachedwa. Tsamba limenelo likhoza kulembedwa masana amodzi ndi mlembi wamkulu ndi lekichala mmodzi wa masamu, seneti n'kulivomereza pa msonkhano wotsatira. Mukalitulutsa nditumizireni kudzera mwa ana omwewa, ndikaliphunzitse ku Fomu 4 pa mutu wa avereji.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa masamu
Area 25, Lilongwe